Kawerengedwe ka nthano ya Agiriki yolembedwanso m'ndakatulo

Funso ndi limodzi, lakuti buku la nthano ya Agiriki yolembedwanso m'ndakatulo liwerengedwe bwanji, kungoti aliyense amabwera nalo m'mawu akeake. Wina amati wapeza buku lomwe pachikuto alemba kuti ndi nkhani yaitali, koma atatsegula wapezamo mizere ya ndakatulo yokhayokha. Wina akuopa kuti popeza milungu ya Agiriki saidziwa, sadzatolapo kanthu. Ambiri ndi aja adayamba bwinobwino nkulitseka nkhani yeniyeni isanayambe nkomwe. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, choncho ndalemba pano kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomulozera.

Ndigwiritsa ntchito buku limodzi monga chitsanzo: Autobiography of Red, lomwe adalemba Anne Carson wa ku Canada nkulitulutsa mu 1998. Ndi lachingerezi, ndipo pachikuto pake adalembapo kuti A Novel in Verse, kunena kuti nkhani yaitali yoyalidwa m'mizere ya ndakatulo. Ndalisankha chifukwa misampha yonse ya mabuku amtunduwu ilimo. Mukalitha ili, enawo sakuvutani kwenikweni.

1. Dziwani nthano yakaleyo, koma pang'ono pokha

Herakles, yemwe Aroma ankamutcha Hercules, adali mwana wa Zeus, mfumu ya milungu ya Agiriki. Hera, mkazi wa Zeus, adamupengetsa misala mpaka adapha ana ake omwe. Pofuna kudziyeretsa adakatumikira mfumu Eurystheus, imene idamupatsa ntchito 12 zoti munthu wamba sangazithe. Yachikhumi idali yokalanda ng'ombe zofiira za chilombo chotchedwa Geryon, mdzukulu wa Medusa (chilombo chachikazi cha tsitsi la njoka), chomwe chinkakhala pa chilumba cha Erytheia, kumadzulo kwenikweni kolowera dzuwa. Dzina la chilumbacho limatanthauza malo ofiira, ndipo kufiira kwa m'dzina la buku kudachokera pamenepa. Herakles adawoloka nyanja atakwera m'chikho chagolide cha Helios, mulungu wa dzuwa. Atafika adapha galu wa mitu iwiri, Orthos, adapha mbusa Eurytion, kenako adalasa Geryon, nkukusa ng'ombe ulendo wa kwawo.

Basi, zakwana. Cholakwika chomwe ambiri amachita nkuyamba kuloweza mibadwo ya milungu yonse ya pa phiri la Olympus, ndani adabala yani, ndani adakwatira mlongo wake. Mwezi umatha, buku lili phee pa shelefu. Mukadziwa wopha, wophedwa ndi chomwe adalimbirana, tsegulani buku.

Kwa amene mtima ukukugundani kuti kodi izi si za mafano: werengani Machitidwe a Atumwi mutu 14, pomwe anthu a ku Lustra adatcha Barnaba kuti Zeus, Paulo nkumutcha Hermes, komanso mutu 17 ndime 28, pomwe Paulo yemweyo ali ku Athens adatchula mawu a alakatuli achigiriki polalikira. Nthanozi ankazidziwa, ndipo kuzidziwako sikudamusandutse wopembedza Zeus.

2. Lekani kufunafuna "nthano yoona"

Mukafufuza pa intaneti mupeza kuti Geryon wa apa ndi wosiyana ndi wa apo. Mlakatuli Hesiod adati adali ndi mitu itatu. Ena adati matupi atatu olumikizana m'chiuno. Mlakatuli wina, Stesichoros, adamupatsa manja 6, miyendo 6 ndi mapiko. Palibe amene adanama. Agiriki adalibe buku limodzi losunga nthano zawo kuti wosintha aimbidwe mlandu, ndipo mlakatuli aliyense ankaikamba mmene yamukomera. Ife izi si zachilendo. Nthano ya Kalulu wokana kukumba chitsime, agogo ena amati adamugwira ndi Kamba, ena amati adakanirira pa chidole chopaka ulimbo, ndipo palibe mdzukulu adadzukapo pamoto kukatsutsa.

Mwa onsewa, gwirani dzina la Stesichoros, chifukwa buku la Carson latsamira pa iye. Adali wa mumzinda wa Himera pa chilumba cha Sicily, ndipo adakhala cha m'ma 600 Yesu asanabadwe. Adalemba ndakatulo yaitali ya Geryon, ya mizere yosachepera 1,300, koma idatayika. Zomwe tili nazo ndi mawu ochepa omwe olemba ena akale adatapa, kuphatikiza tizidutswa ta mapepala a gumbwa tomwe tidafukulidwa m'dzala la mzinda wakale wa Oxyrhynchus ku Egypt nkusindikizidwa mu 1967. M'tizidutswamo muli chinthu chodabwitsa. Mlakatuliyo sadangotamanda ngwazi monga ankachitira anzake. Adatembenuka nkuyang'ana chilombocho: mayi ake akuchidandaulira kuti chisapite kukamenyana, icho chikusinkhasinkha ngati chingafe kapena ayi, ndipo muvi woviikidwa m'ululu wa njoka ya mitu yambiri, Hydra, utachiboola pamphumi, khosi lake likuwerama ngati duwa lomwe likuyoyoka. Choncho kumvera chisoni chilombo sikudayambe mu 1998. Carson adangopitiriza pomwe munthu wina adasiyira zaka pafupifupi 2,600 zapitazo.

3. Yenderani buku lonse musanawerenge, ndipo musachite manyazi kudumpha

Apa ndi pomwe anthu ambiri amathawira. Nkhani ya Geryon siyambira pa tsamba loyamba. Kutsogolo kuli kankhani kofotokoza za Stesichoros ndi mmene adamasulira afotokozi ku unyolo wa chizolowezi. Kenako pali zomwe zikutchedwa zidutswa za ndakatulo yake. Kenako pali zowonjezera zitatu, A, B ndi C, zomwe m'mabuku ena zimakhala kumapeto koma muno zili kutsogolo. Mukadutsa zonsezi ndiye mumafika pa nkhani, ya mitu 47 yolembedwa m'manambala achiroma, ndipo kumapeto kwenikweni kuli kucheza kwa mafunso ndi mayankho ndi Stesichoros yemwe uja, ngati kuti ali moyo.

Zowonjezera zitatuzo zikukamba nkhani yakale yomwe ngakhale Plato, wafilosofi wakale wachigiriki, adaitchula: akuti Stesichoros adanyoza Helen, mkazi uja adayambitsa nkhondo ya ku Troy, ndipo Helen adamuchititsa khungu. Atalemba ndakatulo ina yobweza mawu, yonena kuti Helen sadapiteko nkomwe ku Troy, maso ake adatsegukanso. Ndakatulo yobweza mawu yotere imatchedwa palinode, mawu omwe mukumana nawo m'masamba amenewa.

Langizo langa ndi lakuti paulendo woyamba werengani zidutswa zokha, zina zonsezo dumphani, mukafike pa mutu I. Mudzabwerera. Koma chenjerani ndi zidutswazo, makamaka inu ophunzira: si kumasulira kokhulupirika kwa mawu a Stesichoros. Carson ndi katswiri wa Chigiriki chakale, ndipo akusewera dala, mpaka kulowetsamo zinthu zamakono zomwe ku Sicily wa nthawi imeneyo kudalibe. Mukazikopera m'ntchito ya kusukulu nkunena kuti adatero Stesichoros, mphunzitsi wodziwa akugwirani.

4. Dziwiranitu kuti nkhani yatsopanoyo ndi yotani

Geryon wa m'bukuli ndi kamnyamata ka masiku ano, kofiira, kokhala ndi mapiko omwe kamawabisa m'malaya. Kali ndi mayi wosuta fodya yemwe kamamukonda kwambiri, ndi mkulu wake yemwe amakachita nkhanza zogonana kadakali kakang'ono. Ali ndi zaka 14, Geryon akukumana ndi Herakles pa depoti ya basi nkugwa naye m'chikondi. Ndikunena mosabisa kuti ndi chikondi cha mnyamata ndi mnyamata mnzake, ndipo buku silikuzemba pamenepa. Sankhani nokha panopa ngati mukufuna kuliwerenga, ndipo musalisiye poti ana a pulayimale alitole chifukwa choona mizere yaifupi.

Herakles wa muno saponya muvi. Amangotopa naye nkumusiya. Geryon amatenga kamera, amakula, ndipo patapita zaka amakumananso ndi Herakles ku Buenos Aires ali ndi bwenzi latsopano lotchedwa Ancash. Atatuwa amapita ku Peru, ku Lima kenako kumapiri, kufunafuna phiri lophulika moto. Sindidakuonongereni kanthu pokuuzani izi. Kukoma kwa bukuli sikuli pa kudabwa kuti chichitike nchiyani.

5. Phunzirani kuyenda ndi mzere ndi chiganizo nthawi imodzi

Sitepe iyi ndiyo ambiri olangiza amailumpha, amangoti "werengani mofatsa" nkupitirira. Komatu apa ndi pomwe pagona ntchito yonse.

Khutu lathu lidazolowera ndakatulo za pa wailesi ndi za pa misonkhano. Kumeneko mzere uliwonse umanyamula ganizo lathunthu, mlakatuli amatsitsa mawu akafika kumapeto kwake, amapuma, omvera nkuvomera kapena kuseka, iye nkuyamba wina. Nthawi zambiri mizereyo imatheranso m'mawu omveka mofanana. Mukabwera ndi khutu limeneli ku buku la Carson, musokonezeka. Mizere yake siithera mofanana. Imasinthana, wautali kenako waufupi, wautali kenako waufupi, ndipo chiganizo chimayamba pakati pa mzere uwu nkukathera pakati pa wachitatu kapena wachinayi.

Zolakwika zake ndi ziwiri. Wina amaima kumapeto kwa mzere uliwonse ngati pali mpumiro, ndiye nkhani imaduka nkukhala zidutswa zopanda mutu, iye nkumati buku ndi lovuta. Wina amazindikira kuti ziganizo zikupitirira, ndiye amathamanga ngati akuwerenga nyuzipepala, osaona nkomwe pomwe mzere waduka. Uyu amaimva nkhani, koma pomaliza amafunsa kuti nanga adalemberanji m'mizere, osangolemba bwinobwino ngati anzake. Onse awiri agwira theka.

Taonani mizere iyi, yomwe ndangopeka ndekha kuti muone kagwiridwe kake ka ntchito:

Usiku wonse mayiyo adakhala pakhonde, nyali ili m'manja, kudikira mwamuna wake
kuti agone,
kuti iye atenge kachikwama kake azipita.

Mukafika kumapeto kwa mzere woyamba, mwaona kale mkazi wokhulupirika akudikira bambo abwere kuchokera komwe adapita. Mzere waufupiwo ukugwetsa chithunzi chimenecho: bamboyo ali m'nyumba momwemo. Wachitatu ukumaliza. Tsopano lembani mawu omwewo mondondoza, popanda kudula. Uthenga ndi womwewo, koma kamphindi kaja komwe mudakhulupirira zabodza kasowa. Kamphindi kameneko ndi komwe wolemba amagula podula mzere, ndipo wowerenga mothamanga amakataya.

Ndiye chitani motere, mutu uliwonse katatu. Mitu yake ndi yaifupi, yambiri tsamba limodzi mpaka atatu kapena anayi, choncho musaope.

Ulendo woyamba, tsatirani zizindikiro za m'kalembedwe zokha. Imani pa mpumiro, pumani pang'ono pa mpatuliro, ndipo kumapeto kwa mzere kukakhala kopanda chizindikiro, pitirirani ngati palibe chachitika. Mukamaliza tsekani buku nkudziuza m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi, kuti ndani ali kuti ndipo wachita chiyani. "Geryon wakana kulowa m'kalasi, waima panja pa zenera." Ngati simungathe, musapite patsogolo, bwerezani. Si kuti ndinu mbuli, kungoti mwaphonya mneni penapake.

Ulendo wachiwiri, werengani mokweza. Pakamwa pazituluka mawu ndithu, osati kungogwedeza milomo. Kumapeto kwa mzere kokani kampweya kakang'ono koma mawu anu asatsike, akhale m'mwamba monga amachitira munthu amene sadamalize kulankhula. Poyamba zimamveka zachilendo, ndipo a m'nyumba akuyang'anani. Pofika mutu wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi lilime limazolowera, ndipo mumayamba kumva kuti mzere wautali umakankha, waufupi umagwira.

Ulendo wachitatu si kuwerenga kwenikweni, nkuyang'ana. Tsikani ndi chala m'mphepete mwa tsamba, muone mawu omaliza a mzere uliwonse, kenako muwerenge mizere yaifupi yokhayokha. Si yonse yomwe ili ndi kanthu, ndipo amene angakuuzeni kuti kudula kulikonse kuli ndi tanthauzo lakuya akukunamizani. Kwina wolemba adadula chifukwa mzere udakwana basi. Koma m'mutu uliwonse mupeza malo awiri kapena atatu pomwe kudulako kwasintha zomwe mumaganiza, monga pa mayi wa pakhonde uja. Chongani pamenepo ndi pensulo.

Pali tinthu tina titatu ta m'sitepe yomweyi. Choyamba, mutu uliwonse uli ndi dzina, ndipo pansi pake pali mzere umodzi woima paokha. Uwerengeni poyamba, kenako mubwerereko mukamaliza mutuwo, chifukwa kawirikawiri umamveka mwina kachiwiriko. Chachiwiri, zolankhula za anthu zilibe mitengero. Zalembedwa m'zilembo zopendekeka, ndipo anthu awiri atha kuyankhana mumzere umodzi. Pomwe mwasokonezeka, lembani G kapena H pamwamba pa mawuwo mpaka mudziwe akulankhula ndani. Chachitatu chikukhudza inu owerengera pa foni. Mizere yaitali ya bukuli siikwana pa sikirini yoimirira, ndiye foni imaidula yokha, nkukupatsani kudula komwe wolemba sadaikepo. Mutha kukhala usiku wonse mukusinkhasinkha tanthauzo la mzere womwe wadula ndi Tecno wanu. Goneketsani foni cham'mbali, kapena chepetsani zilembo mpaka muone wautali ndi waufupi akusinthana. Makope ena oyendayenda pa WhatsApp amatayanso zilembo zopendekeka zija, ndipo zikatero zolankhula zimasakanikirana ndi zofotokoza. Kope lotere lisiyeni, funani lina.

6. Zifanifani zikakuzunguzani, musathamangire mtanthauziramawu

Chingerezi cha bukuli mawu ake ambiri ndi apafupi. Chovuta ndi mmene akumanirana. Geryon amamva phokoso la mitundu ya zinthu, maluwa kwa iye amabangula, ndipo zinthu zopanda moyo zimachita ngati zili ndi mtima. Mawu aliwonse paokha mukuwadziwa, ndiye mtanthauziramawu sakuthandizani. Dzifunseni kuti munthu amene dziko likumumvekera chonchi ali bwanji m'kati, wachita mantha, wasangalala, kapena zamuchulukira. Yankho lake limakhala pafupi.

Chizolowezi cha ku sekondale chofuna kuti chinthu chilichonse "chiimire" china chisiyeni pakhomo. Ndamva anthu akuti kufiira kukuimira chikondi, nkutseka nkhani. Ena amati kukuimira mkwiyo. Tsatirani mtunduwo buku lonse muone: uli pa thupi lake, uli pa manyazi ake, uli pa chiphalaphala cha phiri la moto, uli pa nyama. Mukaupatsa tanthauzo limodzi pa mutu wachiwiri, mitu 45 yotsalayo muziwerenga mutatsinzina diso limodzi.

7. Tsopano bweretsani nthano yakale ija, muyeze zomwe zasintha

Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Mbali ina lembani zomwe zili m'nthano yakale, mbali inayo zomwe zili m'buku. Mapiko atsala. Kufiira kwatsala. Mayi atsala. Matupi atatu apita. Kamera ndi phiri la moto ndi zatsopano. Nanga ng'ombe? Geryon wa makono alibe khola. Funso lakuti Herakles wamulanda chiyani tsono, ngati si ng'ombe, ndi lomwe muyenera kuyenda nalo mpaka kumapeto, ndipo sindikuyankhirani.

Chomwe ine ndimachiona chachikulu chili koyambirira ndithu. Geryon ali mwana wa sukulu amalemba m'kope mwake zonse zodziwika za Geryon wa m'nthano, kuphatikizapo kuti Herakles adabwera nkumupha. Ndiye kuti mnyamatayu akudziwa mathero a nthano yake asanakumane nkomwe ndi womupha. Akuluakulu atadandaula kuti nkhani zake sizitha mosangalatsa, iye amalemba mathero ena. Kuchokera pamenepo buku lonse likufunsa ngati munthu amene nthano yake idalembedwa kale, ndipo adailemba ndi opambana, angathe kukhala ndi moyo kupitirira tsamba lomwe adamuphera. Wosadziwa nthano yakale amaona nkhani ya mnyamata wosweka mtima, ndipo si zolakwika. Woidziwa amawerenga mutu uliwonse akudikira muvi. Ntchito ya sitepe yoyamba ija ndi imeneyi, osati kuti muzichonga pomwe wolemba "walakwitsa".

8. Pakati pa buku pali matope, pitani nawo

Gawo la ku Buenos Aires limachedwa. Geryon amakhala m'malo omwera khofi, amalemba mapositikhadi, amawerenga za filosofi, amacheza ndi mphunzitsi wa ndevu zachikasu ndi mayi woimba tango. Dzina la Heidegger, wafilosofi wa ku Germany, likatulukira, anthu amasiya buku nkupita kukafufuza Heidegger, osabwerakonso. Musatero. Zomwe mukufunika kudziwa nzakuti mnyamatayu ali yekhayekha m'dziko la eni ndipo akudzaza mutu ndi mafunso a nthawi kuti asaganize za munthu mmodzi. Mitu itatu kapena inayi pa tsiku yakwana. Herakles akangotulukiranso, nkhani imathamanga yokha.

Chakumapeto kuli mitu ingapo yomwe ndi zithunzi zojambulidwa ndi kamera ya Geryon, koma zithunzizo m'buku mulibe, zangofotokozedwa m'mawu. Kope lanu silidathothoke masamba, ndi mmene adalilembera. Pa chilichonse dzifunseni kuti wojambulayo waima pati, ndipo ndani wamusiya kunja kwa chithunzi.

9. Bwererani ku masamba mudadumpha aja

Mukamaliza mutu XLVII, werengani kucheza ndi Stesichoros kuja, kenako mubwerere kutsogolo. Kankhani ka afotokozi kamveka tsopano, popeza mwakhala masiku angapo ndi mnyamata yemwe moyo wake wonse wapachikidwa pa mfotokozi mmodzi, woti "wofiira". Zowonjezera za Helen, makamaka C yomwe imangozungulira pa "ngati izi, ndiye izo" osafika pena paliponse, muziwerenge ngati nthabwala, chifukwa ndi nthabwala ndithu, ya munthu wophunzira akuseka anzake ofuna yankho limodzi pa nkhani yomwe ili ndi mbali ziwiri.

Ofuna kupitiriza, Carson adatulutsanso Red Doc> mu 2013, momwe anthu omwewa akula ndipo maina awo asintha. Mizere yake ndi yopanikizika pakati pa tsamba ndipo ndi lovutirapo, choncho musayambire limenelo. Lina ndi Omeros la Derek Walcott, la mu 1990, lomwe lidatenga maina a ankhondo a ku Troy nkuwapatsa asodzi a pa chilumba cha Saint Lucia, Achille ndi Hector, olimbirana mkazi wotchedwa Helen, ndipo Achille amafika ku Africa m'masomphenya kukakumana ndi kholo lake. Ilo ndi la ndime za mizere itatuitatu ndipo ndi lalitali kuposa la Carson, masamba opitirira 300. Musanaliyambe bwererani ku sitepe yoyamba, koma ulendo uno nthano yofunika kuidziwa ndi ya mkwiyo wa Achilles, ngwazi ya Agiriki pa nkhondo ya ku Troy, ndi ya Philoctetes, msilikali wa chilonda chosapola yemwe anzake adamutaya pa chilumba cha Lemnos.